Kudilita app sikusiya kulipira, a pa Mzuzu tamvani

Nkhani ya ma subscription iyi, aja oti app imakudula ndalama yokha sabata ndi sabata kapena mwezi ndi mwezi, yandikwana ndiye lero ndingoyankhula poyera. Anthu ambiri amene ndimacheza nawo kuno, kaya ndi ana asukulu a ku Mzuni kaya ndi amayi a geni ku Taifa market, akaona kuti app ina yake ikuwadyera ndalama amangoidinikiza pa sikilini nkuidilita, basi mtima m'malo, ati zatha. Sizinathe abale anga. App yachoka pa foni koma pangano lolipira lija lidakalipo, chifukwa silikhala mu app, limakhala ku akaunti yanu ya Google kapena ya Apple, kapena pa webusaiti ya kampani yomwe munalembetsako. Zili ngati kusamuka m'nyumba ya lendi ku Chibavi usiku osatsanzika landilodi, makiyi nkupita nawo, iye mwezi ukatha akuwerengabe lendi yake, ndipo landilodi wa apa munamupatsa nokha chilolezo chotapa mu akaunti yanu osakufunsani.

Mayambidwe ake ndi amodzimodzi. Mukufuna kusintha CV ikhale PDF poti ntchito yatuluka ndipo akutseka mawa, kapena mukufuna kukonza kaposita ka chinkhoswe koti muponye pa gulupu ya WhatsApp, mwatsitsa app, ikuti yesani ulere masiku 3 kapena 7, ingoikani khadi ya ku banki. Batani loti yambani ndi lalikulu lowala, pamene mtengo weniweni aulemba pansi penipeni ndi tizilembo totuwa toti mpaka utsinzinire diso. Mwapanga CV yanu, mwatumiza, mwaiwala. Masiku a ulere akatha sakufunsaninso kuti kodi achimwene mukupitiriza, amangodula, chifukwa pomwe munadina paja munavomera kale kuti zizidzipanga zokha mpaka inu mudzanene kuti basi.

Chomwe chimandinyansa kwambiri ndi ma app olipiritsa pa sabata. Munthu amaona $5 nkumati aa kandalama kochepa aka, osaona kuti alemba pa sabata osati pa mwezi. Werengani nokha, chaka chili ndi masabata 52, ndiye $5 ija ikukwana $260, ya ka app kojambulira mapepala komwe munagwiritsa ntchito kamodzi. Mlamu wanga wa ku Luwinga zinamuchitikira ndi ka app ka mtundu womwewu, iye nkumakwiyira banki kuti ikumubera, mpaka titakhala pansi nkuona sitetimenti mzere ndi mzere ndi pamene tinaona kuti dzina limodzi lomwelo likubwera sabata iliyonse tsiku lofanana.

Ndiye kumbukirani kuti zambiri mwa izi mtengo wake ndi wa madola, ife timalandira makwacha. Mu Novembala 2023 Reserve Bank inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika cha m'ma K1,700, ndipo mu Meyi 2022 inali itagwetsedwa kale ndi 25 peresenti. Tanthauzo lake, subscription ya $10 yomwe imadya cha m'ma K11,800 inadzuka m'mawa ikudya K17,000, app sinakutumizireni meseji yoti mtengo wakwera chifukwa kwa iwo sunakwere, ndi $10 yomweyo. Apo nkuti banki isanaikepo kake ka chaji. Munthu wa ku London akaiwala kusiya subscription amataya ya khofi, ife tikaiwala yapita ya makala ndi ndiwo za masiku angapo, ndi kuzizira kwa kuno mu Juni makala sitiseweretsa.

Kusiya kwake sikovuta nkomwe, kungoti anakubisa. Ambirife tili pa Android, ma Tecno, ma itel, ma Infinix, ma Samsung, ndiye tsegulani Play Store, dinani kachithunzi kanu kapena kachilembo ka dzina lanu pamwamba kudzanja lamanja, lowani pa Payments & subscriptions, kenako Subscriptions. Zonse zomwe akaunti imeneyo ikulipira zili pamenepo, ndi mtengo wake ndi tsiku lomwe adzadulenso. Dinani yomwe simukuifuna, Cancel subscription, akufunsani chifukwa, sankhani chilichonse, ndipo musatuluke musanaone kuti yalemba kuti yathetsedwa, poti ena amathawira pakati akaona funso nkumaganiza kuti zatheka. A ma iPhone, Settings, dinani dzina lanu pamwamba, Subscriptions, nkhani yomweyo. Apple imanena yokha kuti ngati muli pa masiku a ulere musiye pasadakhale, osachepera maola 24 asanathe, ndiye zodikira tsiku lomaliza pakati pausiku magetsi atazima foni ili pa 3 peresenti zisiyeni.

Koma mukapanda kuipeza pamenepo musati ndiye kuti kulibe. Ngati munalembetsa pa webusaiti, monga mmene ambiri amachitira ndi Netflix kapena Spotify, Play Store siidziwa kanthu, muyenera kulowa mu akaunti yanu pa webusaiti yawo nkukasiyira komweko. Njira yachidule yodziwira kuti ndani akukudulani ndi kusaka mu imelo yanu mawu oti receipt kapena subscription, risiti imanena kuti ndalama yadutsira kwa Google, kwa Apple kapena kwa eni app enieniwo, ndipo komwe yadutsirako ndi komwe mukatsekere.

Tsopano vuto lenileni la kwathu kuno, lomwe malangizo a pa intaneti saliganizira nkomwe, ndi la Gmail. Tinene zoona, ndi angati mwa ife amene anatsegula okha akaunti ya Google ya pa foni yawo? Munthu wagula foni mtauni, mnyamata wogulitsa akuti bwana ndikupangireni zonse, nkutsegula Gmail ya dzina loti iye yekha ndi amene akulidziwa, pasiwedi nkulemba pa kapepala kapena osalemba nkomwe, kuika WhatsApp ndi Facebook ndi TikTok, mwini foni nkunyamuka akumwetulira. Patapita miyezi waika khadi yake pa akaunti imeneyo. Kenako foni yagwa pa sakramento, kabaza wa njinga uja, sikilini phwa, kapena aitsomphola ku depoti, wagula ina, mnyamata wina wamutsegulira Gmail ina. Akalowa mu Play Store pa foni yatsopano pa Subscriptions palibe kanthu, mbee, koma ndalama ikuchokabe mwezi ndi mwezi, chifukwa pangano lili pa Gmail yakale ija yomwe pasiwedi yake palibe akuidziwa. Foni yabedwa koma subscription sinabedwe nayo, ili moyo.

Apa ndiye ndimati aliyense lero lomwe aone kuti pa foni yake pali ma akaunti a Google angati, ndipo mu Play Store asinthe akaunti imodzi imodzi nkuona Subscriptions ya iliyonse, poti foni imodzi imatha kukhala ndi ma Gmail atatu, ya inu, ya mwana wanu ndi ya wogulitsa uja. Ikani nambala yanu ya foni ngati yobwezeretsera akaunti, sinthani pasiwedi ikhale yodziwa inu. Mukakhala ndi imelo ndi pasiwedi nthawi zambiri foni yakaleyo siifunikanso, mutha kulowa pa play.google.com pa kompyuta iliyonse nkusiya zonse. Zikakanikiratu, pitani ku banki kapena komwe munatenga khadiyo mukaitseketse akupatseni ina ya nambala yatsopano, ndi chintchito inde ndipo mzere wa kumapeto kwa mwezi mukuudziwa, koma bola tsiku limodzi pa mzere kusiyana ndi kudyedwa chaka chonse. Ndipo anyamata ogulitsa mafoni inu, chonde, muzimupatsa kasitomala foni alembe yekha pasiwedi, sizikuchotserani kanthu.

Palinso kaganizidwe kena komwe ndimamva kawirikawiri masiku ano a kusowa kwa forex. Munthu akuti ine sindidandaula, khadi yanga ikukana kulipira zakunja ndiye subscription ifa yokha. Ayi ndithu, musadalire zimenezo. Malipiro akakanika iwo satseka tsiku lomwelo, amayesanso kwa masiku angapo, nthawi zina masabata, akukutumizirani timaimelo toti konzani njira yolipirira tomwe simuwerenga. Ndiye tsiku lomwe malipiro anu a kuntchito alowa kapena banki yatsegulako pang'ono zolipira kunja, woyamba kufika pa ndalama yanu ndi iwowo, inu musanagule ndi shuga yemwe. Chimodzimodzi amene amasiya dala khadi yopanda kanthu, zimagwira mpaka tsiku lomwe mwaikamo ndalama ya chinthu china, mwina mukufuna kulipira fomu ya sukulu, mukamati mulipire mupeza yaperewera. Khadi kukana si kusiya, kusiya ndi kudina batani lija nkuona uthenga wotsimikiza.

Ine maganizo anga ndi awa, ndipo ena mutsutsa, palibe vuto. Tsiku lomwe mwalembetsa ndi tsiku lomwelo loti musiye. Pa Google Play mukasiya chinthu chomwe mwalipira kale, mumachigwiritsabe ntchito mpaka nthawi yomwe munalipira ithe, sakulandani. Ndiye lipirani mwezi, dinani Cancel nthawi yomweyo, onerani mafilimu anu masiku 30, ukatha mwezi chizima chokha, mukachisowa mulipiranso ndi manja anu mutaganiza. Mukapeza kuti padutsa milungu iwiri osachikumbuka ndiye kuti simumachifuna. Pa za ulere zokha werengani kaye zomwe alemba, chifukwa zina makamaka pa iPhone mukasiya ulerewo umathera pomwepo, apo bola kutchera alamu ya masiku awiri tsiku lodula lisanafike. Makampaniwa amakonda zodzidula zokha poti amadziwa kuti munthu amaiwala, ndipo mbali ina ya phindu lawo ndi kuiwala kwathuko, nanga bwanji kulowa ndi kudina kamodzi koma potuluka mafunso atatu ndi kukuchondererani ndi theka la mtengo?

Sindikuti zonse nzachabe. Wojambula zithunzi za maukwati amene amalipira app yokonzera zithunzi akudziwa chomwe akuchita, ndalamayo imabwerera. Ndipo pali imodzi yoti musathamangire kuisiya, ya malo osungira zinthu. Google imapereka 15 GB yaulere yomwe Gmail, Drive ndi Photos zimagawana, ndipo kuyambira chakumayambiriro kwa 2024 bakapu ya WhatsApp pa Android nayonso imawerengedwa momwemo, ndi mavidiyo onse a m'magulupu a mpingo ndi a maliro aja. iCloud yaulere, ya a ma iPhone, ndi 5 GB yokha. Ngati mumalipira Google One, yoonjezera malo aja, ndipo katundu wanu wadutsa 15 GB, mukangosiya osayamba mwachotsako zinthu, Gmail imasiya kulandira ndi kutumiza maimelo, ndiye muzadabwa kuti bwanji sakundiyankha komwe ndinafunsira ntchito. Yambani mwakopera zithunzi pa flashi kapena pa kompyuta, dilitani mavidiyo, mukatsika pansi pa malire ndiye musiye.

Makolo, foni mukampatsa mwana kuti aseweretse gemu inu mukuphika, lowani kaye mu Settings ya Play Store muike zoti chilichonse chogula chizifunsa pasiwedi kapena chala chanu. Mwana wa zaka 6 sadziwa kuti batani lobiriwira lija ndi ndalama ya ufa.

Ndipo tisaiwale abale awo a ma subscription amenewa omwe safuna ndi khadi yomwe, aja odya mayunitsi. Nyimbo yoti okuimbirani azimva, timauthenga ta mpira, ta chikondi, ta mavesi, mafunso opambanitsa mphoto, mwangodina 1 kapena OK pa kauthenga kotulukira pa sikilini muli mkati molemba meseji basi mwalowa. Amadula pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku moti suona, umangodabwa kuti ndaika mayunitsi dzulo ndisanagule bandulo aperewera kale. Agogo athu ku Ekwendeni ndi ku Nkhata Bay amene timawatumizira mayunitsi ndi amene amadyedwa kwambiri ndi zimenezi, iwo amangoti foni iyi njoipa. Izi mu Play Store simuzipeza, imbani kwa osamalira makasitomala a netiweki yanu kapena pitani ku shopu yawo mtauni muwauze akuwerengereni zonse zomwe nambala yanu inalembetsa ndipo azichotse inu muli pomwepo, muonenso ngati bandulo yanu ili pa zodzigula yokha ikatha. Akakuzungulitsani, MACRA ndi imene imayang'anira makampani a mafoni ndipo imalandira madandaulo a makasitomala.

Amene adulidwa kale dzulo kapena lero, musangolira pa status. Pa Google Play mukapempha kubwezeredwa pasanathe maola 48 mwayi umakhalapo, akadutsa amakutumizani kwa eni app ndipo kumeneko ndi mwayi wanu. A iPhone lowani pa reportaproblem.apple.com mupemphe kumeneko. Sikuti nthawi zonse amabweza, ndipo ikabwera imatha kutenga masiku isanaoneke mu akaunti, koma kupemphako nkwaulere. Chinthu chimodzi, kupempha kubwezeredwa ndi kusiya subscription ndi ntchito ziwiri zosiyana, pangani zonse, apo ayi mwezi wamawa tsiku ngati lomwelo adulanso.