Tai chi imafuna nthawi, ndipo samalani bondo

Mfundo yoti tai chi, masewera olimbitsa thupi ochokera ku China, imachepetsa kugwa kwa anthu ofooka miyendo ndi yoona, koma pamafunika nthawi yaitali. Pa kafukufuku wa Fuzhong Li wa mu 2012, wokhudza anthu 195 odwala Parkinson (matenda onjenjemeretsa thupi), gulu la tai chi linkachita ola lathunthu, kawiri pa sabata, kwa masabata 24. Wongoyesa masabata awiri asayembekezere zomwezo.

Ambiri amalakwitsa pa bondo. Mukapinda, bondo liloze komwe zala za phazi zaloza. Musanatembenuze phazi, yambani mwasamutsira kulemera kwa thupi ku mwendo winawo, chifukwa kupotoza phazi lomwe lasenza thupi lonse ndiko kumabweretsa ululu m'bondo. Oyamba kumene asatsike kwambiri, ndipo mpando wogwirira ukhale pafupi.

Komanso tai chi si imodzi. Ya mayendedwe 24, yomwe idakonzedwa ku China mu 1956, ndi yofatsa. Ya banja la Chen ku mudzi wa Chenjiagou ku China ili ndi kudumpha ndi kuponda pansi mwamphamvu, agogo asayambire imeneyo.