Kudyetsa amphaka osowa mwini n'kosavuta, ntchito ili pa kuwatseketsa

Ena mundinena, koma ndinena ndithu. Amene mumadyetsa amphaka a kuseri kwa msika, kumalesitilanti ndi kumabutchale simukulakwa, kungoti ntchito mukuisiyira panjira. Mkute ndi mitu ya usipa zimakhutitsa mphaka, ndipo mphaka wokhuta amaswa. Wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi 4 yokha. Berelo limatha masiku pafupifupi 65, ndipo pa chaka akhoza kuswa kawiri kapena katatu, ana anayi kapena asanu ulendo umodzi. Masamuwo pangani nokha.

Akachuluka, zotsatira zake timazidziwa. Anapiye ayamba kusowa, usiku kulira ngati makanda padenga, wina watopa nazo wagula tameki, wathira m'nyama. M'mawa mwafa amphaka, galu wa aneba, nkhuku zomwe. Pakapita miyezi ingapo pamalo pomwepo padzazanso, chifukwa chakudya chimene chinakoka oyamba aja chikadalipo, ndiye ena ochokera kwina amangolowa m'malo. Poizoniyo wangoika ana a anthu pachiswe basi.

Ku Rome, m'dziko la Italy, kuli malo otchedwa Largo di Torre Argentina. Ndi mabwinja a akachisi akale, pafupi ndi pomwe Julius Caesar, mtsogoleri wa Aroma, anaphedwera m'chaka cha 44 BC. Amphaka anakhazikika m'mabwinjamo, ndipo amayi a mumzindawo ankawaponyera chakudya kwa zaka zambiri. Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1990 pamene amayi awiri, Lia Dequel ndi Silvia Viviani, anayamba kuyendetsa malowo mwadongosolo: kutseketsa, kubayitsa katemera, kuchiza odwala ndi kupezera mabanja amphaka ofatsa. Lamulo linali kumbali yawo. Mu 1991 Italy inakhazikitsa lamulo nambala 281, loletsa kuzunza amphaka okhala paokha, lonenanso kuti azitsekedwa n'kubwezedwa pomwe amakhala. Koma lamulo siligula chakudya. Ndalama zimachokera kwa anthu wamba, alendo odzaona mabwinja amene amasiya kangachepe, ndi ena akutali amene amasankha mphaka mmodzi, kawirikawiri wokalamba kapena wakhungu, n'kumamulipirira mwezi ndi mwezi.

Njira yotseketsera amphaka osowa mwini ndi iyi. Mphaka wolusa sagwidwa ndi manja, angakukandeni mpaka kuchipatala. Amatchera khola la waya, nsomba ili mkati, iye akaponda kachitsulo chitseko chimatsekeka. Amaphimba kholalo ndi nsalu kuti akhale bata. Dokotala wa ziweto amamugoneka ndi jekeseni, wamwamuna kumufula, wamkazi kumutseka, katemera wa chiwewe pomwepo. Akadali chigonere amadula kansonga ka khutu limodzi, kuti mawa wina akamuona patali adziwe kuti uyu zake zinatheka, asavutike naye. Akatsitsimuka amabwezedwa pomwe anamutenga. Ndewu zausiku zimachepa, fungo la mkodzo wa amuna nalonso. Ndisakunamizeni, mphaka wofulidwa amasakabe, anapiye anu muziwatsekerabe. Komanso mukatseketsa awiri n'kusiya khumi, mwataya ndalama. Pamafunika kugwira pafupifupi onse a pamalopo, kuyambira aakazi.

"Anthu akugona ndi njala, inu busy ndi amphaka?" Funso limeneli silolakwika, ndipo sindikuuza munthu kuti achotse ya ufa apereke kwa chona. Ndikunena inu amene mukuwadyetsa kale, ndi eni magolosale ndi zigayo amene mukudziwa bwino kuti popanda amphakawa makoswe akanaboola thumba lililonse. Amphakawa akukugwirirani ganyu ulele. Palinso nkhani ya chiwewe. Timangoganiza za agalu, ndipo n'zoona kuti agalu ndiwo amafalitsa kwambiri, n'chifukwa chake a bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies akhala akubaya agalu katemera ku Blantyre kuyambira 2015. Koma mphaka nayenso amatenga matendawa, ndipo mwana akaona kamwana ka mphaka amathamangira kukanyamula.

Za ufiti zija ndingodutsa. Mphaka amene akulira pakhomo panu usiku akufuna mnzake, si agogo a uje.

Ku Lilongwe kuli bungwe losamalira nyama la LSPCA, ku Blantyre kuli lina lotero la BSPCA, ndipo ntchito yotseketsa agalu ndi amphaka amaidziwa. Chosowa ndi ife oyandikana ndi amphakawo. Timakwanitsa chipereganyu, timasonkha za maliro ndi za ukwati pa Airtel Money ndi Mpamba tsiku limodzi. Anthu khumi a mzere umodzi wa mumsika angathe kutsegula gulu la WhatsApp, kuwerenga amphaka awo, kufunsa mtengo kwa dokotala, n'kumapititsa mmodzimmodzi mwezi ukatha. Msungichuma azitumiza chithunzi cha lisiti pagulupo, chifukwa apo ndi pomwe magulu athu ambiri amafera.