Filimu yoopsa yeniyeni sifunika magazi

Kuno ku Mangochi ukangoti filimu yoopsa, anthu amaganiza za mfiti youluka pa lichero, magazi ali chuchuchu, kenako abusa afike ndi pemphero, mfiti ipse, tonse tiombe m'manja. Zoterezi zadzaza m'mavidiyo sho kuyambira kwa M'baluku mpaka ku Namwera. Sindizida ayi, koma mantha ake amathera pakhomo potuluka.

Ine amandigwira mtima ndi mafilimu aja oyenda pang'onopang'ono, amene anzanga amati "palibe chikuchitika apa, tasinthani." Mmenemo chilombo chimakhala chinthu chimene munthu wabisa mumtima, ndipo opanga filimu amangochipatsa nkhope kuti tichione.

Taonerani His House ya Remi Weekes, ya mu 2020. Bol ndi mkazi wake Rial athawa nkhondo ku South Sudan, awoloka nyanja pa boti lodzaza, mwana amene anali naye wamira. Ku England awapatsa nyumba yakutha. Usiku m'makoma mukumveka mawu, Bol mpaka akugumula khoma ndi hamala kufuna kuona chili mkatimo. Rial akuti ndi apeth, mfiti ya usiku ya kwawo kwa a Dinka, yawatsatira kudzatenga ngongole. Pepani amene simunaonere, ndiulula: mwanayo sanali wawo. Bol anamunyamula pakati pa chipwirikiti kuti awalole kukwera basi, mayi wake weniweni akuthamangira basiyo uku akulira.

Apa ndi pamene thupi linandizizira. Ife a kunyanja tikudziwa mmene boti lodzaza limapendekera mwera ukauka. Ndipo ndi khomo liti kuno limene lilibe mwana ku Joni? Amabwera ndi galimoto, amamanga nyumba ya malata, timawayamikira. Koma zimene anaona powoloka Limpopo, mnzawo amene anamusiya panjira akudwala, miyezi imene anakhala ku Lindela kudikira kubwezedwa, izo sanena. Wina amangodzidzimuka usiku, wina walowerera mowa, ife n'kumati anamulodza achibale ansanje. Filimu ija inandionetsa munthu ameneyu kuchokera mkati, ndipo palibe m'busa amene anabwera kudzamuchotsera Bol mzimuwo. Anayenera kuvomera yekha chimene anachita.

Chinanso chimandiwawa. Filimu imene mfiti yake nthawi zonse ndi gogo wa khomo loyandikana imatizoloweza kuloza chala, pamene m'dziko muno agogo akuphedwa ndi adzukulu awo omwe chifukwa cha mphekesera za ufiti. Ana amene amadzaza mabenchi a vidiyo sho masana aja akuphunzira pomwepo.

Pempho langa lipite kwa achimwene omasulira mafilimu m'Chichewa. Luso muli nalo, timaseka nanu. Koma mukapeza filimu ngati iyi, pamene Bol wakhala chete akuyang'ana bowo la pakhoma, musaikepo nthabwala. Masulirani zimene anenazo basi, penapo mutisiye timve tokha.