Mabushi olimba kwambiri sakuyenera galimoto yothamanga ya kuno ku Chigwa cha Shire

Achinyamata angapo a ku Chikwawa, Nchalo ndi Ngabu amene Mulungu wawadalitsa mpaka kugula galimoto zothamanga, monga Toyota Altezza, Mark X, Subaru Impreza kapena BMW, ayamba chizolowezi chimene ndikufuna kuchitsutsa poyera. Akangomva kugogoda kunsi kwa galimoto, amathamangira pa intaneti n'kuitanitsa mabushi (timalabala tokhala polumikizira zitsulo zogwira matayala kunsi kwa galimoto) opangidwa ndi pulasitiki wolimba wotchedwa polyurethane, ofiira, achikasu kapena akuda aja, n'kuuza makaniko kuti achotse labala yense ndi kuikamo amenewo. Iwo amakhulupirira kuti chinthu cholimba ndicho chimapirira msewu woipa. Maganizo anga ndi akuti pa misewu ya kuno, bushi yolimba mopitirira imaononga galimoto kuposa mmene imaitetezera, ndipo kaikidwe ka bushi kali ndi mphamvu yaikulu pa moyo wake kuposa mtundu umene mwagula.

Bushi ya labala imene galimoto imabwera nayo kuchokera ku fakitale ili ndi kachitsulo koboola mkati, chitsulo china kunja, ndipo labala anamatidwa mwamphamvu pakati pa ziwirizo. Control arm, chitsulo chimene chimalumikiza tayala ku thupi la galimoto, ikamakwera ndi kutsika, palibe chimene chimazungulira mkati mwa bushi. Labalayo ndiye amapotoka n'kubwerera. M'kupotoka kumeneko ndi mmene amamezera kugunda kwa tayala pa dzenje kusanafike ku thupi la galimoto, ndipo nthawi yomweyo amagwira tayala kuti likhale pamene opanga anafuna. Bushi ikatha, tayala limayamba kusuntha lokha mukaponda buleki, chiwongolero chimakokera mbali imodzi, ndipo matayala amadyeka m'mphepete mwa mkati pamene mbali yoonekera kunja ikadali yabwinobwino. Aliyense amene amatsika chitunda cha ku Blantyre kulowera ku Thabwa akudziwa kuti pamakhota aja munthu amaponda buleki ali mkati mokhota, kumanzere ndi kumanja motsatizana, ndipo kumeneko si malo oyesera galimoto imene tayala lake lakutsogolo likudzisankhira njira.

Sindikutsutsa kuti mabushi ambiri a galimoto zimenezi akufunikadi kusinthidwa. Toyota inasiya kupanga Altezza mu 2005, kutanthauza kuti labala amene anabwera nayo kuchokera ku Japan wakhalapo zaka pafupifupi makumi awiri kapena kuposerapo. Labala amauma ndi kung'aluka akamakalamba, ndipo kutentha kumafulumizitsa zimenezi. Kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo pamwamba pa phula ndi pafupi ndi ekizozi kumaposa pamenepo. Oyilo wodontha kuchokera ku injini nayenso amafewetsa labala mpaka kufufuma. Galimoto zina, monga BMW 3 Series ya E46, zili ndi mabushi akutsogolo okhala ndi madzimadzi mkati, ndipo akaphulika mumaona mzere wakuda wouma kunsi kwa bushi. Zoterezi zikaoneka, kusintha n'kofunika mosazengereza. Pamene tikusiyana ndi pa chimene mukuikamo m'malo mwake.

Kulimba kwa polyurethane amakuyeza pa sikelo yotchedwa Shore A. Kampani ya ku Britain ya Powerflex, imene ambiri amaitchula, imagulitsa mabushi apepo a 80A oyendera pa msewu wamba, ndi akuda a 95A amene iyo yomwe imanena kuti ndi a pa bwalo la mpikisano. Pa bwalo la mpikisano phula ndi losalala, palibe maenje, palibe fumbi lochuluka, ndipo galimoto imaunikidwa kunsi mpikisano uliwonse ukatha. Kumeneko bushi yolimba ili ndi phindu lenileni, chifukwa tayala silisuntha ngakhale pang'ono ndipo woyendetsa amamva msewu m'manja mwake. Koma msewu wa M1 kuchokera pa mlatho wa Kamuzu kudutsa Dyeratu, Nchalo, Ngabu mpaka Bangula ndi Nsanje unakumana ndi namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, ndipo amene ali ndi abale ku East Bank kapena kwa Chapananga amadziwa kuti tsiku lina galimoto yomweyo idzaponda msewu wa dothi wokhala ndi timizeremizere togwedeza mano. Mphamvu ya dzenje siisowa chifukwa chakuti mwachotsa labala. Imangodutsa n'kukagwera pa ball joint (mfundo yolumikiza control arm ku tayala), pa shock absorber, pa subframe (chimango cha kunsi chimene control arm imamangidwapo) ndi pa malo owotcherera a thupi la galimoto, ndipo zimenezi n'zodula kwambiri kuposa bushi.

Vuto lachiwiri, limene ogulitsa satchula kawirikawiri, ndi lakuti polyurethane samatidwa ku kachitsulo ka mkati ngati labala. Amazungulira pa kachitsuloko, motero amadalira girisi. Fumbi la m'chilimwe cha kuno likalowa n'kusakanikirana ndi girisiyo, limayamba kupera bushi ndi chitsulo chomwe monga mmene mwala wa mphero umaperera mapira, ndipo mvula ikabwera, madzi a matope amene timadutsamo amatsuka girisi yotsalayo. Kulira kuja kwa kwii kwii pa hampu iliyonse ndi chizindikiro chakuti bushi yauma. Ikapitiriza kuyenda youma, bowo lake limakula, ndipo kugogoda kumene munathawa kumabwerera. Kuti zimenezi zisachitike, pamafunika kumasula ndi kupaka girisi nthawi ndi nthawi, ndipo ndi eni galimoto ochepa amene amachitadi zimenezi.

Pali malo amene ndingavomere polyurethane ndi mtima umodzi. Mabushi ang'onoang'ono ogwira stabilizer (ndodo yachitsulo yoletsa galimoto kupendekeka) ku thupi la galimoto amagwira ntchito yongozungulira mbali imodzi, ndi osavuta kumasula ndi kupaka girisi, ndipo akakhala a 80A galimoto imachepetsa kupendekeka pa khota popanda kukugwedezani msana. Koma pa control arm, makamaka bushi yaikulu yakumbuyo ya control arm yakutsogolo imene imalandira kugunda kwa dzenje ndi mphamvu ya buleki, ndikulangiza labala wabwino. Ndikanena wabwino ndikutanthauza wa fakitale kapena wa kampani yodziwika, wogulidwa pogwiritsa ntchito nambala ya chasisi, osati wongoyerekeza ndi maso pa kauntala ku Limbe. Mabushi otsika mtengo kwambiri amaoneka ofanana ndi enieni, koma labala wake amamatuka ku chitsulo msanga, ndipo mumalipira makaniko kawiri. Za mabushi osemedwa ku matayala akale, ndimalemekeza luso la amisiri amene amawasema, chifukwa apulumutsa mapikiapu ambiri onyamula thonje ndi chimanga kumidzi. Koma pa galimoto imene mukufuna kuithamangitsa, chidutswa cha tayala sichingagwire control arm molondola.

Pa kaikidwe ndi pamene ndalama zambiri zikutayika mwakachetechete. Bushi yakale imayenera kutulutsidwa ndi puresi (makina opanikiza mwamphamvu), ndipo yatsopano kulowetsedwa ndi puresi yomweyo, chitsulo chokankhira chitagwira m'mphepete mwa chitsulo chakunja cha bushi, osati pa labala kapena pa kachitsulo ka mkati. M'magalaja ambiri a pansi pa mtengo mumapeza control arm ili pa moto kuti labala apse, kenako nyundo. Moto umafooketsa chitsulo, ndipo ngati control arm yanu ndi ya aluminiyamu, monga zilili pa BMW zambiri ndi Subaru zina, musalole n'komwe kuti iyandikire moto. Ndi bwino kuinyamula m'thumba n'kukapanitsa kumene kuli puresi. Musanachotse bushi yakale, ikani chizindikiro ndi choko kapena penti kusonyeza mmene inakhalira, chifukwa mabushi ambiri ali ndi mipata mkati mwa labala imene iyenera kuloza mbali inayake, ndipo ikatembenuzidwa bushi imalimba kumene imayenera kufewa. Bushi ya labala yopanda chitsulo kunja ilowetsedwe ndi madzi a sopo, osati oyilo wa injini. Ya polyurethane ipakidwe girisi imene yabwera nayo m'paketi. Musinthe mbali zonse ziwiri pamodzi ngakhale yatha ndi imodzi.

Chinthu chimene ndimafuna mwini galimoto aliyense aimirire n'kuchiona ndi maso ake ndi kumanga komaliza kwa mabawuti. Galimoto ikakhala pa jeke, matayala amalendewera ndipo control arm imaloza pansi. Makaniko akamanga bawuti mwamphamvu ili choncho, kachitsulo ka mkati ka bushi kamagwidwa pamalo amenewo. Galimoto ikatsitsidwa, control arm imakwera, ndipo labala amakhala wopotoka kale galimoto isanayende n'komwe. Pa dzenje lililonse amapotoka mopitirira malire ake, ndipo pakangopita miyezi yochepa amang'ambika. Mwini wake amatukwana wogulitsa kuti anamupatsa bushi yabodza, chonsecho bushi inali yeniyeni. Njira yoyenera ndi kulowetsa mabawuti mosalimbitsa, kutsitsa galimoto kuti iime pa matayala ake, kuikankha pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo kuti ikhazikike, kenako kulowa m'dzenje la galaja n'kumanga ndi sipanala yoyezera mphamvu molingana ndi buku la galimotoyo. Palibe chifukwa chokanganirana ndi mmisiri. Mukhoza kungomuuza mwaulemu kuti, “Bambo, mabawuti a mabushiwo timange galimoto itatsika,” ndipo makaniko wodziwa ntchito amamvetsa nthawi yomweyo. Lamulo lomweli likugwiranso ntchito kwa amene amaika masipuling'i ofupikitsa galimoto: mabawuti onse a mabushi a labala ayenera kumasulidwa ndi kumangidwanso pa msinkhu watsopanowo, ngakhale kuti ine sindiona nzeru yofupikitsa galimoto imene tsiku ndi tsiku ikukwera mahampu a pa Nchalo.

Mabushi akasinthidwa, alaimenti yakale, kapena kuti kawongoledwe ka mawilo, yatha ntchito, chifukwa matayala tsopano aima pamalo ena. Pitani nayo pa makina oyezera mawilo onse anayi, ngakhale zitatanthauza kukwera ku Blantyre, ndipo pokwerapo yendani modekha. Galimoto monga Altezza ndi Mark X zimakankhidwa ndi matayala akumbuyo ndipo kumbuyoko kuli tizitsulo tambiri tokhala ndi mabushi, motero kuyeza kutsogolo kokha n'kusiya theka la ntchito. Pemphani pepala losonyeza manambala a alaimenti ndipo mulisunge. Nyengo ya mvula ikatha, ikani galimoto pa dzenje la galaja, mutsuke matope kunsi, ndipo makaniko alowetse chitsulo chochotsera matayala pafupi ndi bushi iliyonse n'kukankha pang'ono. Labala wabwino amagonja pang'ono n'kubwerera. Akaoneka ming'alu yakuya, kapena kachitsulo ka mkati kakasuntha kokha popanda labala kukatsatira, bushi imeneyo ichotsedwe pamodzi ndi inzake ya mbali inayo.