Mwana akamasula wailesi musamutche chitsiru

Mtima wanga sunaphwebe kuchokera dzulo. Ndinapita ku Chibavi kukaona achemwali anga, ndipo ndinapeza mwana wawo wa Sitandade 7 ali kuseri kwa nyumba akulira mwakachetechete. M'manja anali atagwira kamota ka m'wailesi yakufa, mabatire awiri ndi tizingwe ta waya wofiira. Zina zonse bambo ake anali atazitaya m'dzala. Mlandu wake? Walephera masamu temu ino. Ndinamva ndi makutu angawa alamu akuti, "Mutu wako ndi wouma iwe, ungoyamba kabaza basi."

Alamu, pepani, koma apa mwalakwa. Mwalakwa kwambiri.

Mwanayo ndinakhala naye pa mwala n'kumufunsa ngati amamudziwa William Kamkwamba. Anapukusa mutu. Tangoganizani! Mwana wa ku Malawi kuno, wokonda mawaya, sadziwa za mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu amene anasiya sukulu chifukwa makolo ake anasowa fizi nthawi ya njala ija ya 2001 ndi 2002. Sadziwa kuti ali ndi zaka 14 ankabwereka mabuku ku kalaibulale ka pa sukulu, n'kumatola zitsulo zotayidwa, mapaipi a pulasitiki, njinga yakale ya bambo ake ndi dayinamo, mpaka anamanga makina oyendera mphepo amene anayatsa getsi m'nyumba mwawo. Anthu ankamunena kuti wachita misala. Mu 2014 yemweyo wamisalayo anamaliza maphunziro ku yunivesite ya Dartmouth ku America.

Ndinaona maso a mwana uja akusintha. Misozi inali isanaume n'komwe koma anayamba kufunsa kuti dayinamo imatulutsa bwanji magetsi. Ndinamuuza za Michael Faraday, mwana wa wosula zitsulo ku London, amene sukulu sanapite nayo patali. Analowa ntchito yosoka mabuku ali ndi zaka 14, ndipo mabuku omwe ankasokawo ankawawerenganso. Mu 1831 anapeza kuti ukayendetsa maginito pafupi ndi waya wokulungidwa, magetsi amatuluka. Nzeru imeneyo ndi imene ikugwira ntchito m'malo opangira magetsi a ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Wovwe. Ngakhale kagetsi ka dayinamo pa njinga ya kabaza imene alamu amamunyozera nayo mwana, nzeru yake ndi yomweyo.

Ana athu tiziwauza nkhani zimenezi! N'zimene ndikunena. Mwana akagwa, muuzeni za munthu amene anagwa n'kudzuka. Akalephera mayeso, mutchulireni dzina la munthu amene anthu anamuseka koma sanasiye. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nanga mwana adekha bwanji ngati zomwe akumva pakhomo ndi zoti ndiwe mbuli, ndiwe chitsiru, sudzaphula kanthu? Inde umphawi ulipo, makalasi ndi odzaza, tonse tikudziwa. Koma kufotokoza nkhani sikulira ndalama.

Ndipo atsikana musawasiye. Wasayansi Marie Curie kwawo ku Warsaw ku Poland akazi sankaloledwa ku yunivesite. Anagwira ntchito yophunzitsa ana m'nyumba za eni kwa zaka, akusunga ndalama pang'onopang'ono, mpaka anapita ku Paris mu 1891. Mphoto yapamwamba ya dziko lonse ya Nobel anailandira kawiri, mu 1903 ndi mu 1911. Mwana wanu wamkazi amene mukumuuza kuti sayansi ndi ya anyamata, munamuuzapo zimenezi?

Chinanso chimene chimandinyansa: laibulale ili m'tauni muno mu Mzuzu, yunivesite ya Mzuni ili pa Luwinga pomwepa, koma ndi makolo angati anamugwirapo mwana dzanja kupita naye kukaona mabuku? Loweruka lonse tili pa foni, mpira wa ku England timaudziwa osewera mpaka a pa benchi. Mwana akafunsa chifukwa chake babu imayaka, timati usandisokose.

Kamota kaja ndabwera nako kwathu ku Zolozolo. Loweruka mwana uja akubwera kudzakalumikiza, ndipo amene akufuna kukataya abwere adzandiuze ine.