Musanathamangire kukhoti, khalani kaye pansi ndi mnzanuyo

Anthu a bizinesi akasemphana, mawu amene amatuluka msanga ndi akuti "tikaonana kukhoti". Amawanena mokweza, foni n'kudula, ndipo tsiku limenelo mtima umakhala pansi ngati wapambana kale. Ine mawuwa amandimvetsa chisoni, chifukwa ambiri amene amawanena sanawerengere zimene akulowamo. Maganizo anga ndi akuti mikangano yambiri ya malonda iyenera kuyambira patebulo, eniake akukambirana okha. Zikakanika aitane mkhalapakati. Khoti libwere pomaliza penipeni.

Musandimve molakwa, makhoti ndimawalemekeza. Pakanapanda iwo bwenzi siginecha ilibe mphamvu, ndipo wangongole aliyense bwenzi akungokusekani. Ngakhale kukambirana kumene ndikunenaku kumayenda chifukwa onse awiri amadziwa kuti zikalephereka kuli woweruza. Koma taonani ntchito imene woweruzayo anapatsidwa. Iye amayang'ana zakumbuyo: munapangana zotani, anaphwanya pangano ndani, alipire zingati. Sadzakufunsani ngati mukufunabe kumagula katundu kwa munthuyo chaka chamawa. Sadzalamula kuti mupepesane, kapena kuti oda yotsatira ikhale yotsikirako mtengo kuti muiwale zakale. Zimenezo si ntchito yake. Chonsecho kwa wamalonda nkhani nthawi zambiri imagona pamenepo.

Ndiye pali nthawi. Amati mlandu suwola, ndipo n'zoona, fayilo ikhoza kukhala pashelefu zaka zambiri ili chimodzimodzi. Koma mpamba wanu sudikira. Ndalama mukulimbiranazo zangokhala duu, pamene lendi, malipiro a antchito ndi chiwongoladzanja cha kubanki zikuyenda mwezi ndi mwezi. Loya naye ayenera kulipidwa, ndi ntchito yake. Mlandu ukaimitsidwa mwataya tsiku. Mukapambana mnzanu achita apilo. Apilo ikatha mumazindikira kuti chigamulo ndi pepala, muyambenso ntchito ina yofufuza ngati munthuyo ali ndi katundu woti alandidwe, mwinanso kampani yake inatsekedwa kalekale. Chimene anthu amaiwala kwambiri kuwerengera ndi mutu wa mwini bizinesi. Munthu woti azigona akuganiza za makasitomala amagona akuganiza za umboni.

Wina anena kuti zimenezi zimavuta kwa osauka okha. Mu 2011 kampani ya Apple inasumira Samsung ku America poiganizira kuti yatengera maonekedwe ndi luso la mafoni ake. Mu 2012 khoti linati Samsung ilipire ndalama zoposa madola 1 biliyoni. Nkhani sinathere pomwepo. Ndalamazo zinachepetsedwa, kunabwera maapilo, mpaka mu 2016 mlanduwo unafika kukhoti lalikulu kwambiri la dzikolo, lomwe linaubwezanso kumunsi. Mu May 2018 kunatuluka chigamulo china cha madola 539 miliyoni, ndipo mwezi wotsatira makampani awiriwa anamvana okha kunja kwa khoti, osaulula zimene apangana. Zaka 7 zathunthu, ndipo nthawi yonseyi Samsung inali kugulitsabe kwa Apple zipangizo zina zopangira mafoni. Akuluakulu awo anayesapo kukumana mu 2012 n'kulephera kumvana, choncho sindikunena kuti kukambirana kumachiza tsiku lomwelo. Ndikungoti ngakhale amene ali ndi thumba lakuya chonchi anakathera patebulo. Nanga inu ndi ine tingapirire zaka 7?

Ambiri sadziwa bwino ntchito ya mkhalapakati, n'chifukwa chake amamuopa. Amamusokoneza ndi njira ina yotchedwa arbitration, pomwe mumasankha munthu woti amve mbali zonse n'kupereka chigamulo chokumangani, pafupifupi ngati khoti lapadera. Njira imeneyo ili ndi malo ake, makamaka pa malonda a pakati pa mayiko, chifukwa pangano la ku New York la 1958 limachititsa kuti chigamulo chotere chizitsatidwa m'mayiko oposa 170. Mkhalapakati ndi wosiyana. Alibe mphamvu yolamula aliyense. Sanganene kuti wolakwa ndi uyu. Mukafuna kunyamuka mukhoza kunyamuka, ndipo palibe chimene chimakumangani kufikira mutasayina ndi dzanja lanu. Mphamvu yake yonse ili m'makutu ndi m'mafunso.

Ndinakhalapo pa zokambirana za mtundu umenewu, ndipo zimene ndinaona ndi zimene zinandikhazikitsa pa maganizo amenewa. Mayi wina wopanga sopo anakana kulipira bambo amene ankamugulitsa makatoni, ati makatoniwo anabwera ofewa, ena anaphulika m'galimoto, sopo n'kuwonongeka. Bamboyo ankati makatoni anachoka kwake ali bwino, ananyowa mosungira katundu mwa mayiyo. Makalata a maloya anali atayamba kale kuuluka. Atalowa m'chipinda sanapatsane ndi moni womwe. Mayi anaika patebulo katoni yophwanyika, bambo anaika mulu wa mainvoisi, aliyense kuyang'ana kumbali.

Mkhalapakati anawasiya alankhule, aliyense mpaka atamaliza, popanda womudula mawu. Kenako anawapatula, wina chipinda ichi wina icho, n'kumayenda pakati. Kwa bambo uja anafunsa funso losavuta: "Bambo, kupatula kuti mukufuna ndalama zanu, n'chiyani chikukusowetsani tulo?" Anakhala chete kanthawi, akutembenuza cholembera m'manja. Kenako ananena kuti ali ndi ngongole kubanki yofunika kubweza mwezi usanathe, ndipo ngakhale theka la ndalamazo likanamupulumutsa. Zimenezi sakanazinena pamaso pa mayiyo, ndipo kukhoti sakanazitchula n'komwe. Kwa mayi uja kunatuluka zina. Iye ndalama anali nazo. Chinamupweteka chinali chakuti tsiku limene makatoni anaphulika anaimba foni kangapo, bamboyo osayankha, kenako n'kungolandira kalata yoopseza. "Zaka zonse tagwira ntchito limodzi, andiyankhe kudzera kwa loya?" Ankaopanso kuti akasiyana naye sapeza msanga wina wodula makatoni a muyezo wake.

Anapangana kuti mayi alipire gawo lalikulu sabata yomweyo, zotsalazo pang'onopang'ono. Bambo abweretse makatoni ena m'malo mwa owonongekawo osalipiritsa. Kuyambira pamenepo katundu akafika aziyang'aniridwa ndi anthu a mbali zonse ziwiri n'kusayinirana asanatsitsidwe. Bamboyo anapepesanso za mafoni aja, mwachidule, koma anapepesa. Funso loti makatoni ananyowera kuti silinayankhidwe mpaka lero, ndipo palibe amene anafunikiranso yankho lake. Kukhoti funso limeneli ndi limene likanadya zaka.

Chimene chimatsekereza anthu ambiri ndi manyazi. Amaona ngati woyamba kunena kuti "tiyeni tikambirane" wavomera kulakwa, kapena wachita mantha. Ine ndimaona mosiyana. Amene akudziwa kuti mapepala ake ali bwino ndi amene amakhala patebulo mtima uli m'malo. Komanso malamulo a mayiko ambiri amateteza zimene zanenedwa pamaso pa mkhalapakati, moti sizingatengedwe kukakhala umboni kukhoti. Lamulo la European Union la 2008 lokhudza mkhalapakati lili ndi mfundo yosunga chinsinsi, chimodzimodzinso lamulo lachitsanzo limene bungwe la UNCITRAL, nthambi ya United Nations yoona za malamulo a malonda a pakati pa mayiko, linakonza mu 2002 n'kulikonzanso mu 2018. Funsani loya wanu mmene zilili kumene muli, ndipo musayinirane za chinsinsi musanayambe. Chinsinsichi ndi phindu palokha. Kukhoti chitseko chimakhala chotsekula, opikisana nanu pamsika akhoza kumva mitengo yanu, ngongole zanu ndi zofooka zanu zonse.

Ngakhale oweruza eniake m'mayiko ena akukankhira anthu kutebulo. Ku England, chigamulo cha 2004 pa mlandu wa Halsey chinati amene wakana mkhalapakati popanda chifukwa chomveka akhoza kulangidwa pa nkhani ya ndalama zoyendetsera mlandu, ngakhale atapambana. Mu 2023, pa mlandu wa Churchill, khoti la apilo linapitirira apo n'kunena kuti woweruza akhoza kuimitsa mlandu n'kulamula anthu kuti akayese kaye njira zina. Ku Italy lamulo la 2010 linati milandu ina isamalowe m'khoti anthu asanayese mkhalapakati. Amene amakhala m'khoti tsiku ndi tsiku akamakuuzani kuti kayeseni kaye kwina, ndi bwino kutchera khutu.

Tsopano pali mbali imene imandidetsa nkhawa, ndipo sindingaibise. Kukambirana kukhoza kusanduka chida cha wamphamvu. Kampani yaikulu ili ndi ngongole kwa wamalonda wamng'ono, ikudziwa kuti iyeyo sangapirire miyezi itatu, ndiye imamuitana "kuti timvane" n'kumuuza kuti alandire theka kapena apite kulikonse kumene akufuna. Munthu amasayina misozi ili m'maso, iwo n'kumati tinagwirizana mwamtendere. Kumeneko ndi kupondereza, ngakhale kutachitikira patebulo loyera bwanji. Mkhalapakati wabwino amaziona zimenezi. Amaonetsetsa kuti wamng'onoyo wapeza uphungu, wapatsidwa nthawi yoganiza, ndipo akudziwa kuti ali ndi ufulu wokana. Mkhalapakatiyo asakhale mnzake kapena wodyera kwa mbali imodzi, ndipo ngati anagwirapo ntchito ndi mmodzi wa inu anene poyera musanayambe.

Palinso milandu imene ine ndingakuuzeni kuti thamangani kukhoti lero lomwe. Ngati munthu wakuberani mwachinyengo, ngati akusamutsa katundu usiku kuti musadzapeze kanthu, ngati akugulitsa zinthu zabodza m'dzina la kampani yanu ndipo pakufunika chiletso chamsanga, musataye nthawi ndi tiyi wapatebulo. Chenjeraninso ndi amene amakambirana pofuna kungodya masiku. Mlandu uliwonse uli ndi nthawi imene lamulo limalola kuti ukasumidwe, ndipo si kulikonse kumene kukambirana kumaimitsa nthawiyo. Ena amakusekererani mpaka tsikulo lidutse.

N'chifukwa chake ndimati musapite kokambirana chimanjamanja. Musanalowe m'chipindamo dziwani chimene mudzachite zikakanika: mlandu ungakutengereni nthawi yaitali bwanji, ungadye zingati, mwayi wopambana ndi wotani, ndipo mukapambana munthuyo ali nazo zolipira? Apa ndi pamene loya woona mtima amathandiza kwambiri, ndipo ine ndimalimbikitsa kupita naye. Mukadziwa zimenezi mumadziwa pamene muyenera kuvomera ndi pamene muyenera kunyamuka. Yesaninso kuwerengera za mnzanuyo, chifukwa nayenso ali ndi zomuopsa. Mutenge mapepala onse, kontalakiti, malisiti, mauthenga a pafoni. Ndipo patebulo pakhale munthu amene ali ndi mphamvu yonena kuti inde. Palibe chogwetsa ulesi ngati kukambirana tsiku lonse, madzulo wina n'kunena kuti akafunse kaye abwana.

Mukamvana, lembani pomwepo musanabalalike. Kugwirana chanza n'kokoma, koma mawa aliyense amakumbukira zomukomera. Papepalapo paoneke kuti ndani alipira zingati, tsiku liti, kudzera njira iti, ndipo akalephera chichitike n'chiyani. M'malo ambiri pangano lotere likhoza kupititsidwa kukhoti kuti likhale ndi mphamvu ngati chigamulo. Kwa amene amachita malonda odutsa malire, vuto lakale linali lakuti pangano la pamaso pa mkhalapakati linkavuta kulikakamiza kudziko lina. Pangano la United Nations lotchedwa Singapore Convention on Mediation linabwera kudzatseka mpata umenewu. Linasayinidwa pa 7 August 2019 ndi mayiko 46 tsiku loyamba, kuphatikizapo America, China ndi India, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 12 September 2020. Kusayina ndi kulivomereza kwathunthu ndi zinthu ziwiri, choncho onetsetsani kaye ngati dziko la mnzanuyo linamaliza zonse.

Pempho langa lalikulu ndi kwa inu amene simunakanganebe. Nthawi yabwino yopangana za mkangano ndi pamene mukusekererana, tsiku losayina kontalakiti. Anthu amachita manyazi kuitchula, ati zikhala ngati sitikukhulupirirana. Itchuleni basi. Ikanimo ndime yonena kuti pakabuka kusamvana, eni bizinesi akumane maso ndi maso pasanathe masiku mwakuti. Zikakanika, apite kwa mkhalapakati pasanathe masiku mwakuti, ndipo mulembe njira yomusankhira mukalephera kugwirizana pa dzina, komanso kuti amulipira ndani. Mulembenso kuti aliyense akhoza kupempha chiletso kukhoti pakakhala zadzidzidzi. Ndime imeneyi ikakhalapo, tsiku la mkwiyo palibe amene aoneke wamantha poimba foni, chifukwa akungotsatira zimene nonse munasayina.