Mayaro a kuno ndi ma caloiro a kutsidya kwa Muloza

Tchuthi chapitachi pakhonde panga ku Limbuli panali mtsutso usiku uliwonse. Mwana wanga wamkazi wangomaliza chaka choyamba pa yunivesite ina ya boma, ndipo anakumana ndi msuweni wake, mwana wa achemwali anga amene anakwatiwa ku Milange, m'dziko la Mozambique. Mnyamatayo akuphunzira zaulimi ku Mocuba, kumene kuli nthambi ya Universidade Zambeze. Ali ana ankasambira limodzi mumtsinje wa Muloza, koma lero aliyense akuti kwawo ndiye kuli sukulu yeniyeni. Poti ndi pachisuweni, amatonzana mosaopana, ine n'kumangomvetsera.

Kuno wa chaka choyamba amamutcha yaro, akuluakulu ake ndi makonti. Kutsidya amati caloiro. Mayinawo ndi nkhani yaing'ono. Chimene chinandigwira mtima ndi chakuti mayiko awiriwa amapeta ana pa nthawi zosiyana.

Ku Malawi mwana akakhoza MSCE ndi makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili pomwepo, amalembetsa kudzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, n'kudikira kuti dzina lituluke. Mapointi akakhala ochepa, khomo latseguka. Kale kunali mayeso olowera ku University of Malawi koma anathetsedwa, ndipo kota, yosankha ophunzira potengera boma lochokera, nayo inachotsedwa mu 2020. Ndiye mwana amachoka mu Fomu 4, momwe aphunzitsi ankalemba notsi pabolodi iye n'kumakopera, n'kukagwera m'holo momwe mphunzitsi amalankhula kwa ola lathunthu osafunsa ngati wina wamva. Lichero lenileni limabwera mkati mwa chaka choyambacho. Mwana wanga akuti mawu awiri amene ankamusowetsa tulo ndi sapu, mayeso obwereza phunziro limene walephera, ndi kuwididwa, kuchotsedwa sukulu ngati udzu m'munda wa chimanga. Iye sapu imodzi ya masamu anailawa, mwana amene kusekondale sanatsikepo pa nambala 3.

Msuweni wake anaseka mpaka misozi. "Malume, ife amatipeta tisanalowe," anatero. Ku Mozambique kumaliza kalasi 12 sikokwanira. Mayunivesite a boma, kuyambira Eduardo Mondlane ya ku Maputo yomwe inayamba mu 1962, amalembetsa mayeso olowera, maphunziro ake ogwirizana ndi kosi imene ukufuna. Iye ulendo woyamba anagwa. Anakhala chaka chathunthu akuthandiza bambo ake kupikula nandolo masana, usiku akuwerenga, n'kukalembanso. Pofika ku Mocuba n'kuti atadziwa kale kuwerenga popanda womuimirira, komanso atadziwa kuwawa kwa kulephera. Kumeneko malikisi amawerengera pa 20, wokhoza amayambira pa 10.

Apa ine ndimaima kumbali ya mwana wa achemwali. Kugwa pakhomo, uli kwanu, ukudya nsima ya amako, n'kopepuka kusiyana ndi kugwa utalowa kale, makolo atagulitsa mbuzi, mudzi wonse utakuperekeza pa siteji ya minibasi. Koma mwana wanga sanagonje. Akuti mayeso a tsiku limodzi amakomera mwana wa mtauni amene makolo ake angathe kumulipirira makalasi apadera, pomwe mwana wa ku Muloza CDSS kapena sukulu ina yakumudzi akakhoza bwino MSCE amalowa osalipira makalasi otere. Pamenepo ndinasowa choyankha.

A ku Tanzania njira yawo ndi ina. Mwana akamaliza Fomu 4 amapitiriza Fomu 5 ndi 6, ndipo ambiri amaitanidwa ku JKT, gulu lotumikira dziko, kukakhala miyezi itatu akuphunzitsidwa mwausilikali asanapite ku yunivesite. Amafika atakhwima, odziwa kudzuka mbandakucha ndi kuchapa okha. Koma zaka ziwiri zoonjezerazo ndi ndalama, ndipo ine wogulitsa m'kagolosale sindinganame kuti ndingazikonde.

Pa ndalama ndiye asuweni aja anasiya kukangana. Kuno ngongole ya ophunzira imachokera ku bungwe la HESLGB lomwe linakhazikitsidwa mu 2015, ndipo si onse opempha amene amaipeza. Ku Zambia ndalama ya chakudya ya ophunzira inachotsedwa mu 2019, boma la a Hakainde Hichilema n'kuibwezeretsa mu 2023. Kulikonse yaro amaphunzira phunziro lomwe silili pa ndandanda: kugawa ndalama ya mwezi kuti ikwane lendi, makala, bandulo ya intaneti ndi kusindikiza ntchito. Mwana wanga mwezi woyamba anaimaliza m'masabata awiri, tchipisi ndi zakumwa, kenako soya pisi ndi bonya mpaka mwezi kutha. Mnyamata uja akuti iye anapulumukira thumba la ufa ndi nyemba zomwe amake ankatumiza pa galimoto zopita ku Mocuba.

Chilankhulo nachonso chili ndi mbali yake. Onsewa pakhomo amayankhula Chichewa, agogo awo Chilomwe, koma wina amafunsidwa mayeso m'Chingerezi, wina m'Chipwitikizi. Onse anavomera kuti semesita yoyamba ankaopa kukweza mkono, kuopa kusekedwa ndi ana a ku Blantyre kapena a ku Beira amene chilankhulo cha sukulu amachiyankhula ndi kunyumba komwe.

Wotsatira wake wa mtsikanayu walemba MSCE chaka chino, ndipo maso ake ali pa yunivesite ya MUST, ku Ndata m'boma la Thyolo, yomwe inatsegulidwa mu 2014. Miyezi yodikira mayina ndi yambiri, ndipo sindimulola kuithera pa bawo. Ndamupatsa buku la maakaunti a golosale kuti aziliyendetsa yekha, Loweruka azikaphunzira kompyuta ku Chitakale, ndipo mlongo wake wamusiyira notsi zonse za masamu aja anamugwetsa.